Dipoziti ya Nyumba Si Ndalama ya Feteleza



Abale ndi alongo anga, Ramadan ya chaka chino yatipeza kuno ku Santhe fodya ali m'zigafa. Msika sunatsegulidwe, chimanga sichinaume, ndipo aliyense amene mungamufunse za ndalama yankho lake ndi limodzi: dikirani tigulitse. Pa nyengo yotere K10,000 imasiyanitsa banja lomasula swaumu ndi nsima ndi banja lomasula ndi madzi okha. N'chifukwa chake ndasankha kulemba nkhani imene ambiri timaiona ngati yaing'ono, nkhani ya dipoziti ya nyumba za lendi.

Mlungu wathawu, ana ataweruka ku madrassah, ndinapeza mayi wina akundidikira pansi pa mtengo wa mango. Ana ake awiri ndimawaphunzitsa. Ndinkayesa abwera kudzakamba za ana, koma atandilonjera anati: "Muallim, ndithandizeni nzeru. Ndalama yanga ndikuiona koma sindikuigwira."

Mayiyu amagulitsa mandasi ndi tomato pamsika. Mu Okutobala 2023 analowa nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo kuwonjezera pa lendi ya miyezi yoyamba, mwini nyumba anati apereke K60,000 ya dipoziti, yodzabweza tsiku lotuluka. Mvula ya chaka chino itayamba denga linkadontha mpaka pamphasa, ndipo atadandaula kangapo osathandizidwa, anapereka notisi, anasesa nyumba, anapereka makiyi. Ulendo woyamba wofuna ndalama yake anauzidwa kuti abwere mawa. Ulendo wachiwiri anauzidwa kuti ndalama ija inalowa ku feteleza, adikire fodya akagulidwe ku Chinkhoma. Ulendo wachitatu nkhani inasintha: akuti anadetsa khoma ndi utsi, ndiye palibe chobweza. Pepala palibe. Mboni palibe. Nyumba ija munalowa kale munthu wina, amene nayenso anapereka dipoziti yake.

Sinditchula dzina la munthu, ndipo musavutike kulifufuza. Ndingonena kuti eni nyumba ochita zotere si anthu a kutali. Ena timaima nawo pamzere umodzi pa taraweh, phewa ndi phewa. Maganizo anga ndi akuti mayiyu ali ndi ufulu wolonjerera ndalama yake mpaka aipeze, kuti amene waidya ayenera kubweza pamodzi ndi zimene wamuwonongetsa mnzake, ndiponso kuti ife tonse tili ndi mbali yathu chifukwa tinazolowera kulowetsana m'nyumba popanda cholembedwa.

Kodi ndalama imeneyi ndi ya yani?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti mwini nyumba salakwa kupempha dipoziti. Chikole ndi chololedwa. Surat Al-Baqarah ndime 283 imatchula za chikole chogwira m'manja, ndipo zalembedwa mu Sahih Al-Bukhari kuti Mtumiki, swalla Allahu alaihi wasallam, anamwalira chovala chake chachitsulo cha kunkhondo chili chikole kwa Myuda wina chifukwa cha balere amene anatengera banja lake. Munthu amene wamanga nyumba ndi thukuta lake ali ndi ufulu wodziteteza kwa wochita lendi wosasamala.

Koma chikole sichisintha mwini. Wopereka njinga ngati chikole sanagulitse njinga. Chimodzimodzi dipoziti: kuyambira tsiku loperekedwa mpaka tsiku lotuluka m'nyumba, ndalamayo ndi ya wochita lendi. Mwini nyumba wangoisunga. Ufulu wake pa ndalamayo umabadwa pokhapokha patapezeka ngongole ya lendi, bilu yosalipidwa, kapena chinthu chowonongeka mwadala kapena mosasamala, ndipo ufuluwo umalekezera pa mtengo wa chinthucho basi.

Ophunzira anga a fiqh akudziwa kusiyana kwa wadi'ah ndi qardh. Wadi'ah ndi chinthu chosungitsa. Wosunga saloledwa kuchigwiritsa ntchito, ndipo chikatayika iye atachisamala mokwanira, monga nyumba itapsa ndi moto wosayatsa iye, salipira. Koma akachisunga mosasamala, kapena akachigwira n'kuyamba kuchigwiritsa ntchito, chitetezo chimenecho chimamuchokera, chikatayika alipira. Qardh ndi ngongole. Wokongola amaigwiritsa ntchito mmene afunira, koma amabweza yonse, kaya wapindula kaya waluza.

Tsono landilodi wathu asankhe yekha pamene akuima. Ngati akuti ndalama ija inali yosungitsa, analibe chilolezo choigulira feteleza, ndipo tsiku limene anaipereka kwa wogulitsa feteleza inasanduka ngongole pakhosi pake. Ngati akuti inali ngongole kuyambira pachiyambi, ndiye kuti nthawi yobweza inakwana tsiku limene analandira makiyi. Mbali zonse ziwiri zikufika pamalo amodzi. Mitengo ya ku okushoni, matalala amene anaboola masamba, mabelo obwezedwa, zonsezo ndi nkhani za mlimi ndi munda wake. Mayi wa mandasi sanalowe nawo ulimiwo. Fodya akanagulidwa bwino sakanamugawira phindu, nanga bwanji akufuna amugawire kudikira?

Surat An-Nisa ndime 58 imalamula kubweza amaanah kwa eni ake. Ndipo hadith yodziwika ya zizindikiro zitatu za munafiq imatchula bodza, kuswa lonjezo ndi kusakhulupirika pa chosungitsidwa. Taonani mmene nkhani ya dipoziti imodzi imasonkhanitsira zonse zitatu: "bwerani mawa" ndi lonjezo losweka, "mwadetsa khoma" ndi bodza lopeka mochedwa, ndipo feteleza uja ndi amaanah yodyedwa.

Mmene akale ankaopera ndalama ya mwini

M'chaka cha 622, usiku umene Mtumiki, swalla Allahu alaihi wasallam, ankatuluka mu Makkah adani atazinga nyumba yake, anasiya Ali bin Abi Talib, radhia Allahu anhu, kuti atsale n'kubweza katundu amene anthu anasungitsa kwa iye. Ambiri mwa eni katunduyo sanali Asilamu. Panali chifukwa chokwanira chonenera kuti zinthu zavuta, tidzaona m'tsogolo. Sanatero. Apa tiphunzirepo kuti dipoziti ya mphunzitsi wa Chikhristu, ya wapolisi wosamutsidwa, ya mlendo wochokera ku Mchinji kapena ku Chipata, ili ndi kulemera kofanana ndi ya m'bale wa mumzikiti.

Nkhani ina imene imandigwira mtima ndi ya Zubair bin Al-Awwam, radhia Allahu anhu. Anthu ankabwera kudzasungitsa ndalama kwa iye, koma iye ankakana kuzilandira ngati zosungitsa. Ankati zikhale ngongole, poopa kuti zikatayika mwini angaluze. Anasankha dala njira yomulemera iye kuti mwini ndalama atetezeke. Atamwalira m'chaka cha 656, mwana wake Abdullah anawerengera ngongolezo n'kupeza ndalama za nthawi imeneyo zokwana 2,200,000. Anagulitsa malo a bambo ake otchedwa Al-Ghaba, nabweza zonse. Abale ake atati tsopano tigawane chuma cha masiye, iye anakana mpaka atalengeza pa Hajj zaka zinayi zotsatizana kuti aliyense amene Zubair anali naye ngongole abwere.

Zaka zinayi kufunafuna eni ndalama. Ife mwini ndalama amachita kutipeza pakhomo katatu, ife n'kutuma mwana kuti akanene kuti bambo achokapo.

Ndipo inu ana amene mudzalandira nyumba za lendi ngati chuma cha masiye, dziwani kuti ndime za mirathi mu Surat An-Nisa zimaika ngongole patsogolo pa kugawana. Dipoziti ya munthu aliyense wokhala m'nyumba za malemu bambo anu ndi ngongole yawo. Mlandu suwola.

Buku likakhala m'manja mwa mmodzi

Ife a ku Kasungu mawu oti tenanti timawadziwa mwa njira ina. Kwa zaka zambiri mabanja ankabwera m'maesiteti a fodya kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Machinga, Mangochi ndi maboma ena. Mwini esiteti ankawapatsa chimanga, feteleza ndi zipangizo pangongole, ndipo pakutha pa nyengo ankagula fodya wawo n'kudula ngongolezo. Vuto lalikulu linali buku. Buku linkakhala kwa bwana, wolemba ndi bwana, wowerengera ndi bwana, woika mtengo ndi bwana. Banja linkagwira ntchito chaka chathunthu n'kumva pamapeto kuti latsala ndi ngongole. Ena mwa ife makolo athu anafika kuno mwa njira imeneyi. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa dongosolo la utenanti.

Nyumba ya lendi si esiteti, ndipo sindikufananiza kukula kwa mavutowo. Koma muzu ndi umodzi. Munthu mmodzi akasunga ndalama, yemweyo n'kukhala woyendera nyumba, yemweyo n'kukhala wogamula chimene chawonongeka, yemweyo n'kukhala woika mtengo wokonzera, wofooka alibe polowera. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wochita lendi sangalimbe mawu akadali m'nyumba poopa kutulutsidwa, ndipo akatuluka alibenso chogwirira. Ndi zomvetsa chisoni kuti adzukulu a matenanti, Allah atatipatsa malata ndi njerwa, tizisunga buku mmene ankalisungira amene ankaliza agogo athu.

Ophunzira nkhaniyi imakukhudzani kwambiri. Mwana wa sekondale wochita selofu pafupi ndi sukulu, wophunzira wa ku yunivesite wochita lendi ku Chikanda mu Zomba kapena ku Luwinga mu Mzuzu, amatuluka m'chipinda tsiku lotsekera sukulu ali ndi ndalama ya basi yokha. Mwini nyumba amadziwa kuti mwanayu sadzalipira ulendo wobwerera kudzafuna K20,000. Kuchedwetsa kokhako kumakwanira kuti ndalama ikhale yake.

Mmene ena anatsekera mpata umenewu

Vutoli si la ku Malawi kokha, ndipo maiko ena analipezera mankhwala. Ku England, kumene kuli abale athu ambiri mumzinda wa Leicester, lamulo lotchedwa Housing Act la 2004 linakhazikitsa dongosolo limene linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2007. Mwini nyumba akalandira dipoziti ayenera kuilembetsa ku limodzi mwa mabungwe ovomerezedwa ndi boma pasanathe masiku 30, n'kumudziwitsa wochita lendi kumene ili. Pakabuka mkangano potuluka, bungwelo limamva mbali zonse popanda malipiro, ndipo mwini nyumba ndi amene amaonetsa umboni wa chimene akufuna kudula. Akalephera kuilembetsa, wochita lendi akhoza kumusumira, ndipo khothi limamulamula kulipira chindapusa kuyambira mlingo wa dipoziti yomweyo mpaka kuichulukitsa katatu. Onani bwino apa: mlandu wake si kudya ndalama kokha. Kungolephera kuiteteza ndi mlandu kale, ngakhale ndalamayo ikadalipo. Kuyambira 2019 anaikanso malire akuti pa nyumba zambiri dipoziti isapitirire lendi ya milungu isanu.

Ku South Africa, kumene achinyamata athu ambiri akuchita lendi ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, kuli lamulo la Rental Housing Act la 1999. Limati dipoziti isungidwe ku akaunti ya kubanki, ndipo wochita lendi ali ndi ufulu wofuna umboni wake. Awiriwo ayendere nyumba limodzi polowa ndi potuluka. Ngati palibe chodula, ndalama ibwezedwe pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza, yotsalayo ibwezedwe pasanathe masiku 14 nyumba itakonzedwa, malisiti ali poyera. Mwini nyumba akapanda kuyendera nyumbayo pamodzi ndi wotulukayo, lamulo limatenga kuti wavomereza kuti nyumba ili bwino, ndipo abweze yonse. Chigawo chilichonse chili ndi bwalo lotchedwa Rental Housing Tribunal lomva madandaulo amenewa kwaulere. Inu a ku Joni amene mukuwerenga, ufulu umenewu ugwiritseni ntchito. Chokhacho, akaunti ya kumeneko imabala chiwongoladzanja. Tengani ndalama yanu yeniyeni, ndipo chowonjezeracho, monga amalangizira maulama ambiri, chiperekeni kwa osauka osayembekezerapo malipiro a sadaka.

Kuno kwathu tilibe bungwe losungitsako dipoziti ngati la ku England. Koma zimenezo sizitanthauza kuti wodyeredwa alibe kolowera. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, kungoti limavuta umboni. Dipoziti yosabwezedwa ndi ngongole, ndipo ngongole imasumiridwa ku khothi la majisitireti. Gawo 41 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wofika kubwalo la milandu n'kuthandizidwa. Kulinso Legal Aid Bureau, nthambi imene boma linakhazikitsa kuti izithandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya.

Nanga chipepeso chikhale chotani?

Apa Msilamu ayenera kuyenda mosamala. Kunena kuti mwezi uliwonse wochedwa muwonjezerepo K5,000 ndi katapira, ndipo kuponderezedwa sikusandutsa riba kukhala halaal. Koma pali kusiyana pakati pa kubereketsa ngongole ndi kubwezeredwa zimene munthu wakuwonongetsa. Sheikh Ibn Taymiyyah, amene anamwalira mu 1328, anagamula kuti wangongole amene ali nako kubweza koma akuzengereza mpaka mwini ndalama akakamizika kukasuma, ndalama zimene wosumayo wawononga pa mlingo wozolowereka zimagwera wozengerezayo. Ndiye mayi uja akakwera galimoto kupita ku boma ku Kasungu, akalipira ndalama yotsegulira mlandu, zimenezo ali ndi ufulu wozifuna pamwamba pa K60,000 yake. Asunge malisiti, asawonjezere ngakhale tambala.

Pali kuluza kwina kumene sikuoneka ndi maso. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti; dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. K60,000 imene mayiyu anapereka mu Okutobala inali pafupifupi madola 51. Patangotha mwezi umodzi inali pafupifupi madola 35. Izi zinabwera pambuyo pa kugwa kwina kwa 25 peresenti mu Meyi 2022. Aliyense wogula mafuta ophikira ndi ufa wa mandasi akudziwa tanthauzo lake popanda kuwerengera madola. Mwini nyumba anagula feteleza pa mtengo wakale ndi ndalama ya mwini, ndipo mwezi uliwonse umene akuzengereza, ndalama imene adzabweze ikunka ichepa mphamvu.

Maulama ambiri amati ngongole imabwezedwa pa chiwerengero chomwecho, ngakhale Imam Abu Yusuf, wophunzira wa Imam Abu Hanifa, ankaona kuti timakobiri ta mkuwa tikasintha mphamvu pabwezedwe mtengo wake. Ine sindine mufti ndipo sindigamula pakati pawo. Koma pali khomo limene onse amavomereza. Mtumiki, swalla Allahu alaihi wasallam, atakongola ngamira yaing'ono anabweza yaikulu kuposa imene anatenga, ndipo anayamikira anthu obweza bwino. Chowonjezera chimene sichinali m'pangano, choperekedwa mwa kufuna kwa wobweza, ndi chololedwa ndipo ndi khalidwe labwino. Landilodi amene wasunga ndalama ya mayi wosauka mpaka yafooka, ngati mtima wake uli moyo, awonjezerepo yekha asanauzidwe.

Mbali ya eni nyumba

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga mukuti: Muallim, simunamangepo nyumba ya lendi. Zoona. Koma ndamva madandaulo anu ndipo ambiri ndi oona. Alipo ochita lendi osamuka usiku ali ndi ngongole ya miyezi itatu. Alipo ochotsa maloko ndi mababu, oswa magalasi, osandutsa chipinda kukhala khola la nkhuku. Alipo amene mwezi womaliza salipira n'kumati mudule pa dipoziti popanda kugwirizana. Nyumba ya lendi nayonso ndi amaanah m'manja mwa wokhalamo, ndipo wowononga mwadala kapena mosasamala alipire. Pamenepo dulani, ndi ufulu wanu.

Koma dulani ndi chilungamo. Penti wofwifwa patatha zaka ziwiri, simenti yapansi yosweka chifukwa inachepa pomanga, denga lodontha, chitseko chodyedwa ndi chiswe, zimenezo ndi kukalamba kwa nyumba, ndipo lendi imene mumalandira mwezi ndi mwezi ndiyo malipiro ake. Galasi limodzi likasweka, gulani galasi limodzi, onetsani lisiti, bwezani chenji. Ndipo tchimo la wochita lendi wa chaka chatha musalipiritse wa chaka chino.

Ena amati: ndi Ramadan, mayiyo angokhululuka, Msilamu satengera m'bale wake kukhothi. Kukhululuka ndi kwabwino, ndipo Surat Al-Baqarah ndime 280 imalimbikitsa kumudikira wangongole amene ali pamavuto enieni. Ngati mwini nyumba wasowadi, anene zoona, avomere ngongole pamaso pa mboni, atchule tsiku, ayambe kubweza pang'onopang'ono. Koma kukhululuka ndi mphatso ya wolakwiridwa. Wolakwa sangaitenge mokakamiza. Hadith imatcha kuzengereza kwa munthu amene ali nako kubweza kuti ndi kupondereza. Surat An-Nisa ndime 148 imalola woponderezedwa kulankhula poyera za chimene chamuchitikira. Ndipo munthu wina atabwera kudzalonjerera ngongole kwa Mtumiki ndi mawu aukali, maswahaba atafuna kumugwira, iye anawaletsa chifukwa mwini ngongole ali ndi ufulu wolankhula. Tikamauza wamasiye kuti apirire koma osamuuza mwini nyumba zisanu kuti abweze, sitikuyanjanitsa. Tasankha mbali.

Tichite chiyani kuno ku Santhe?

Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Timaimva pa taraweh m'masiku oyambirira a mwezi uno chaka chilichonse, kenako timakapereka ndalama kuseri kwa nyumba popanda pepala poopa kuoneka ngati sitikhulupirirana. Kulemba sikunyoza munthu. Kumateteza ubale, chifukwa anthu amaiwala, amasamuka, amamwalira.

Polowa m'nyumba, tsamba limodzi la kope likwanira. Lembani maina, tsiku, lendi ya pamwezi, kuchuluka kwa dipoziti, zimene ingadulidwire, ndi masiku obwezera mukapereka makiyi. Asaine awiri nonse ndi mboni ziwiri, aliyense atenge lake. Yenderani nyumba limodzi, jambulani ndi foni makoma, zitseko, mawindo ndi mita. Ngati mukulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthenga wake musafufute. Potuluka yenderaninso limodzi, dzuwa likuwala, katundu atatuluka. Inu ophunzira amene mumadziwa kulemba, ntchito iyi ndi yanu. Alembereni makolo ndi anansi.

Chachiwiri ndi kosungira. Mabuku a fiqh amalola kuti chikole chisungidwe ndi munthu wachitatu wokhulupirika amene mbali zonse zamuvomereza. Zimene a ku England anachita mu 2007 maulama athu anazilemba kalekale. N'chiyani chingaletse komiti ya mzikiti, kapena eni nyumba a pamsika pano mogwirizana ndi mafumu, kukhala ndi buku ndi akaunti ya madipoziti, yosainira anthu atatu, yosabwereketsa kwa wina aliyense, yowerengedwa poyera? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama imene ili m'thumba la landilodi nthawi ya feteleza ndi ya mphepo. Ngati zimenezo zatalika, mwini nyumba aliyense angathe kuyamba yekha: dipoziti ikhale pa akaunti yakeyake yosakhudzidwa.

Kwa amene mwadyeredwa kale, yambani ndi kukamba pa awiri mwaulemu. Zikakanika, lembani kalata yotchula ndalama ndi tsiku lomaliza, musunge ina. Kenako pitani ndi akuluakulu, kwa Sheikh kapena kwa a nyakwawa, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe. Zonsezi zikalephereka, khothi lilipo ndipo kupitako si tchimo. Musachotse chitseko kapena malata kuti mudzilipire nokha. Mudzasandutsa mlandu wanu wabwino kukhala mlandu wa kupolisi.

Ndipo aphungu athu amve. Anthu ochita lendi akuchuluka m'matauni ndi m'misika ngati uno. Tikufuna lamulo lomveka lonena malire a dipoziti, kosungira, masiku obwezera, ndi chilango kwa wolephera kuiteteza. Lamulo lotere silipweteka landilodi wachilungamo. Limangotseka njira ya amene amadalira kuti wosauka atopa.

Mayi uja tinapita naye kwa mwini nyumba pamodzi ndi akuluakulu awiri Lachisanu itatha Jumu'ah. Sizinali zophweka. Nkhani ya utsi inatha titapempha kuti tikaone khomalo. Bamboyo anavomera ngongole, anapereka K20,000 pomwepo, ndipo yotsalayo inalembedwa kuti idzaperekedwa Eid isanafike. Pepala lili kwa ine, lina kwa mayiyo, lina kwa iye. Ngati adzasunge lonjezo, Allah ndiye akudziwa, koma tsopano buku silili m'manja mwa mmodzi.

M'bale wanga mwini nyumba, masiku khumi omaliza akubwera. Udzaima usiku kufunafuna Laylatul Qadr, udzakweza manja kupempha chikhululuko. Kumbukira kuti machimo a pakati pa iwe ndi Allah amafufutika ndi taubah, koma haki ya munthu imadikira mwini wake. Mtumiki anatiuza za munthu amene adzafike pa Qiyaamah ndi swala, swaumu ndi zakaat, koma atadya chuma cha uyu ndi kulakwira uyo, ndipo zabwino zake zidzagawidwa kwa iwo mpaka kutha. Usanagulire ana zovala za Eid, usanatumize thumba la mpunga ku mzikiti kuti anthu amasulire, khala pansi ndi kope. Lemba maina a onse amene anatuluka m'nyumba zako opanda dipoziti yawo. Amene uli ndi nambala yake, mutumizire usiku uno. Amene anasamukira kutali, mufunefune monga anachitira Abdullah mwana wa Zubair.

Allah atilandire swaumu yathu, atiteteze ku chuma cha eni, ndipo atipange kukhala anthu amene mnansi angawasungitse chake n'kugona tulo. Aameen.